Malikhweru a Kathir, Manja a Dhanapal

Tiruppur

Akka Malarvizhi wokondedwa,

Landirani moni wochokera kwa mng'ono wanu Poongodi. Muli bwanji kumeneko? Nanga mawondo a Amma, mayi athu, ali bwanji? Mafuta ndinawatumizira aja akupakadi, kapena angowaika pafupi ndi zithunzi za milungu monga amachitira ndi chilichonse chochokera kwa ine? Ndikukhulupirira kuti chifuwa cha Appa, bambo athu, chinatha. Ndamva kuti ayambiranso kulawirira kumunda wa nthochi osafunda kanthu, muwauze kuti sindinakondwe nazo.

Ine m'thupi ndili bwino. Ntchito yachuluka chifukwa chikondwerero cha Deepavali chayandikira, ndipo mabwana akufuna katundu yense atuluke tisanabalalike. Ndikumasoka makolala a malaya a ana mpaka maso kuchita chidima. Mvula yayamba, udzudzu wabwera nayo, moti atsikana awiri a m'chipinda chathu anagonekedwa kuchipatala, koma atuluka. Madzi kuhositelo akuvutabe, timachita kukanganirana zidebe ngati ana.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ndili nayo. Chifukwa chake muchimva mukamawerenga. Chonde muwerenge muli nokha, musawerengere Amma mokweza monga munkachitira ndi makalata a Appa ali ku Kerala.

Nkhani ndi ya Kathir. Kwa inu ndi msuweni wathu yemwe uja, mwana wa malume Periyasami, amene munkamusambitsa ali wamng'ono. Kwa ine ndi mwamuna amene ndikukwatiwa naye mwezi wa Thai, kumayambiriro a chaka chamawa, ndipo mukudziwa kuti palibe anandikakamiza. Ndinamufuna ndekha, ndipo ndinkayenda mutu uli m'mwamba. Kapitawo wa fakitale, wamtali, njinga yamoto yakeyake. Atsikana a mzere wathu wosokera akamuona pageti amatsinana.

Kuno kwatuluka kanema wachikondi amene aliyense akumukamba, m'basi, pamzere wa madzi, ngakhale pakhomo pa kachisi. Lamlungu lina masana tinapita kukamuonera tili anayi: ine, Kathir, Vasuki ndi mwamuna wake. Vasuki ndi yemwe uja, mwana wa a Rakkamma a kuseri kwa sukulu, amene ankabera masamu kwa ine ndipo tsopano timasokera mzere umodzi. Mwamuna wake ndi Dhanapal. Simungaiwale momwe tinasekera paukwati wawo, inu ndi ine, titabisala kuseri kwa mapoto a mpunga. Wamfupi, wadazi, wachibwibwi, ndipo popeza amagwira ntchito yonyika nsalu mu utoto, manja ake ndi obiriwira mpaka m'zikhadabo. Sopo wake kulibe. Tsiku lija ndinakunong'onezani kuti ine bola kukhala mbeta.

Pakhomo pa holo panali chipwirikiti. Anyamata anali atakwera pachithunzi chachikulu cha wosewera wamkuluyo, akuchithira mkaka ndi kuchiveka nkhata za maluwa, ng'oma zikulira. Kathir anandigwira pamkono n'kundidutsitsa pakati pawo, akukankha aliyense woyandikira. Ndinacheuka ndikuona Vasuki akudzipezera njira yekha, Dhanapal ali pambuyo pake atanyamula kachikwama ka mkazi wake. Vasuki ndinamumvera chisoni.

Nkhani ya kanemayo ndi ya mnyamata wokonda mtsikana mpaka kupenga naye. Amamudikira pageti pa ntchito tsiku lililonse, amamuimbira kosalekeza, amadziwa nambala yotsegulira foni yake, amamusankhira chovala. Akakwiya amatukwana, kenako amabwera ndi maluwa akulira, kunena kuti akamusiya adzafa. Akka, sindikubisirani, poyamba ndinkakondwa. Ndinkamva ngati holo yonse ikuonera ine ndi Kathir. Nyimbo zake zabwino, mnyamatayo wokongola. Dhanapal anali atayamba kale kuwodzera.

Kenako panafika poti awiriwo ali paukwati wa mnzawo. Mtsikanayo anaseka nthabwala ya mwamuna wina wa kuntchito kwake. Mnyamatayo anamulanda foni, kuiphwanyira pansi, n'kumuwomba mbama pamaso pa anthu onse. Holo inaphulika. Amuna anaimirira, malikhweru, mapepala ong'ambang'amba akuuluka m'mwamba, ena akumenya mipando. Kathir naye anaimirira, zala ziwiri m'kamwa, ndipo atamaliza likhweru anakuwa kuti, "Mpatsenso ina, sanamve ameneyo!" Atakhala pansi anandifinya bondo akuseka, n'kundinong'oneza kuti, "Ukuonera bwino?" Ndinaseka. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinaseka.

Mayi wina wachikulire wa mzere wa kutsogolo, maluwa oyera ali m'tsitsi, anatembenuka n'kumufunsa kuti, "Iwe mnyamata, kwanu kulibe mlongo?"

Kathir anati, "Alipo mayi, koma wathu ndi womvera."

Anyamata a kumbuyo anafa nacho chiseko. Mayiwo anayang'ana ine, kuyambira kumaso mpaka pabondo pomwe panali dzanja lake, n'kutembenukira kutsogolo.

Nthawi yopumira amuna anapita kukagula tiyi, ife tinakaima pamzere wa chimbudzi cha akazi. Kumeneko kunali kanema wachiwiri. Kamtsikana kena ka kukoleji kankalira mnzake akukapukuta misozi. Wina wovala mphete yatsopano anati iye mwamuna wopanda nsanje sangamufune, chifukwa wotero ali ndi kwina komwe akudyera. Ambiri anavomereza, ine ndinavomereza mokweza kuposa onse, ndikuyang'ana Vasuki cham'mbali. Mayi a maluwa oyera aja anali akusamba m'manja. Anati iwo kanema ameneyu anakhalamo kuyambira ali mtsikana mpaka mwamuna wawo kumwalira, kungoti kwawoko kunalibe nyimbo. Anapukuta manja kumpendero kwa nsalu yawo ya sari n'kutuluka.

Kumapeto mtsikana uja amamusiya mnyamatayo. Amakwera sitima yekha, mnyamatayo akuthamanga m'mbali akulira, iye osacheuka. Amuna anayamba kukuwiza, kumutchula mayina amene sindingalembe pano. Wina anaponya botolo kutsogolo. Akazi anayamba kuwomba m'manja, koma motsitsa, manja ali pamiyendo, ngati akuba. Vasuki yekha anawomba osabisa. Ndiye Akka, tamvani izi. Dhanapal, amene ndinkati wagona, anaimirira. Mwamuna mmodzi yekha m'holo yonseyo, kadazi kake kakunyezimira, akuwomba manja ake obiriwirawo pamwamba pa mutu, misozi ili chuchuchu m'masaya.

Anyamata anamutembenukira onse. Wina anati adazi akhale pansi akutseka kuwala. Wina anafunsa ngati mkazi wake wamupatsa chilolezo choimirira. Iye anangopitiriza mpaka magetsi anayaka.

Tili panja Kathir anamugwira Dhanapal paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, mwatichititsa manyazi amuna. Deepavali ino Vasuki akugulireni sari basi."

Dhanapal anavutika kaye ndi chibwibwi chake, kenako anati, "A-akagula ndivala. Koma asagule yo-yobiriwira, anthu sadziwa pomwe pathera manja."

Vasuki anaseka mpaka kugwira mpanda. Anaseka kukamwa kuli yasa, pamsewu, pakati pa amuna, n'kumumenya mwamuna wake pamsana, n'kutsamira mutu paphewa pake. Mukudziwa chimene ndinamva pamenepo? Si chisoni, Akka. Ndi kaduka. Ndinaima pambali pa mwamuna wokongola kuposa onse pamsewupo, ndikuchitira kaduka mkazi wa Dhanapal.

Tinakalowa m'kanyumba kodyera parotta, buledi wathu wopyapyala wa pachiwaya uja. Chakudya chitangofika foni ya Vasuki inalira. Anali Joseph, amene amakonza makina athu akawonongeka. Ankafunsa za singano zinazake, koma kenako anayamba kukamba za kanemayo, ndipo Vasuki anacheza naye nthawi yaitali, akuseka, akumunena kuti ndi wamantha poti sanapite ndi mkazi wake. Ine ndinasiya kudya ndikuyang'ana nkhope ya Dhanapal, kudikira kuti isinthe. Sinasinthe. Anamunyemera parotta mkazi wakeyo tizidutswatizidutswa, kumuthirira msuzi, n'kumakuwa cham'mbali kuti amupatsire moni Joseph. Ndinkafuna akwiye. Ndikunena zoona, ndinkapemphera kuti akwiye ngakhale pang'ono, kuti mtima wanga ukhale pansi.

Woperekera zakudya anabwera n'kundiwonjezera msuzi ndisanapemphe. Ndinathokoza, mwina ndinamwetulirako. Kathir sanadyenso. Titakwera njinga anayamba kundifunsa kuti munthu uja ndimamudziwira kuti, ndinabwerako liti kumeneko, ndi ndani. Ndinati sindinamuonepo. Anathamangitsa njinga pakati pa malole mpaka ndinamukumbatira ndikukuwa. Pageti pa hositelo anatambasula dzanja, ine n'kumupatsa foni monga mwa masiku onse. Anaifufuza yonse, mauthenga anu omwe. Sanapeze kanthu. Ndinamuuza kuti pepani. M'mawa mwake anabwera ndi maluwa ndi maswiti a halwa, maso ali psuu, akuti sanagone, akuti ndikanadziwa momwe amandikondera sindikanamuzunza chonchi. Atsikana anasuzumira pazenera n'kumati ndili ndi mwayi.

Tsopano mwadziwa chifukwa chake ndagula envulopu.

Sabata imeneyo Vasuki ndinamuda. Chilichonse chake chinkandiwawa. Wayamba kuphunzira kuyendetsa kanjinga kamoto, ndipo Dhanapal ndi amene amathamanga pambuyo pake atagwira mpando. Anadula tsitsi kufika m'mapewa osafunsa munthu. Akachedwa kuntchito amangotumiza uthenga umodzi, foni n'kuiponya m'chikwama. Ine yanga imakhala m'thumba la epuloni, ndipo ikanjenjemera ndimaphonya msoko. Ndani ankayembekeza zimenezi? Kumudzi aliyense ankati wokongola ndine, wanzeru ndine, Vasuki atenge zotsala. Lero wotsalayo akumunyemera parotta.

Tsiku lina pa nkhomaliro ndinalephera kudzigwira. Atsikana onse ali pomwepo, ndinati mwamuna amene mkazi wake amacheza ndi amuna ena pafoni iye n'kumangodya, ndiye kuti alibe naye ntchito, kapena ali ndi wina kufakitale ya utoto. Ndinawonjeza kuti nanga ndi nkhope imene ija achitira nsanje ndani. Ena anaseka. Vasuki anatseka chibekete chake pang'onopang'ono. Ndinkayembekeza kuti anditukwana, ndipo zikanandikomera. Iye anangoti, "Iwe Poongodi, kusukulu unkaseka mpaka aphunzitsi kukutulutsa panja. Unayamba liti kuyang'ana kumbuyo usanaseke?"

Ndinamuyankha kuti asamale zake. Koma mpunga sunapitenso.

Litafika tsiku lopembedzera makina, titawapukuta ndi kuwaveka maluwa, anatimasula m'mawa. Akazi a mzere wathu anagwirizana zokaoneranso kanema uja. Ndinati sindipita. Vasuki anabwera pamakina anga ngati sindinamunenepo kanthu, n'kundikoka dzanja, akuti ndisamachite ngati nkhalamba. Kathir ndinamuuza kuti mutu ukundiwawa, ndikagona.

M'mawa wotero amuna amakhala ochepa. Holo inadzaza akazi, ena ndi ana kumanja, ena atavala ma yunifolomu a m'mafakitale. Nyimbo zikamalira ankaimba nawo, mnyamata uja akabwera ndi maluwa wina ankakuwa kuti asalandire. Tinaseka kwambiri. Koma patafika pa mbama paja, panalibe likhweru ngakhale limodzi. Ndinaimva ikulira pa tsaya, phaa, ndipo mwana wina anadzidzimuka n'kuyamba kulira. Ndiye ndinamva chinthu chimene ulendo woyamba malikhweru anachiphimba. Mtsikana uja, atagwira tsaya, amatola zidutswa za foni yake pansi, n'kumuyang'ana mnyamatayo, n'kunena kuti pepani.

Akka, ndinalira ngati pamaliro. Ndinalira mpaka mayi wina wosandidziwa anandipatsa madzi. Vasuki anangondigwira chikhatho mpaka kumapeto. Ndipo ngakhale pamenepo, dzanja langa lili m'dzanja lake, ndinkamuwawidwira mtima kuti iye akulirira mtsikana wa pa kanema, pomwe ine ndikudzilirira ndekha.

Mnzake wina wa Kathir anationa tikutuluka. Madzulo ake Kathir anali pageti, mvula ikugwa, iye osafuna kubisala. Anati ndamunamiza, ndipo wonama pa kanema anganamenso pa zina. Anati Vasuki ndi amene akundiwononga, ndisiye kuyenda naye. Anati ukwati ukangochitika ntchito ndisiya, mkazi wake sangamakhale pakati pa a Joseph. Kenako anatambasula dzanja.

Sindinamupatse foni. Sindikudziwa mphamvu zake zinachokera kuti. Ndinati foni ndi yanga, ntchito ndi yanga, ndipo Vasuki ndinamudziwa ndisanadziwe kuti kuli ukwati. Anandiyang'ana ngati sanandionepo. Dzanja lake linakwera kufika paphewa pake, n'kuima. Alonda a pageti anatsokomola. Kathir analitsitsa, n'kukwera njinga, n'kupita.

Sanandimenye, Akka. Ndikufuna mudziwe zimenezo, sanandimenyepo n'kamodzi komwe. Ndipo musamuone ngati chilombo. Ndi yemwe uja anagona pakhonde la chipatala Appa atadwala, yemwe uja anandipezera ntchito ino. Masiku amene anakhala osandiimbira ndinkayang'ana foni ngati wodwala, ndipo nditamva kuti anamuona akumwa tiyi ndi mtsikana wa mu ofesi yawo, ndinatsala pang'ono kupita kukang'amba munthu. Ndiye musaganize kuti ndachira. Ndimamukonda. Kungoti dzanja lija ndinaliona pomwe linafika, ndipo pageti pa nyumba yathu sipadzakhala alonda.

Dzana anaimba. Sanakambe za foni kapena za Vasuki. Anali wokoma ngati uchi. Anati waganiza kuti mavuto athu onse akubwera chifukwa chotalikirana, ndiye walankhula ndi bambo ake kuti ukwati usadikire mwezi wa Thai, uchitike Deepavali ikangotha. Akuti malume abwera kwathu kumapeto a sabata ino ndi wowerenga nyenyezi kuti asankhe tsiku latsopano. Ine sanandifunse, anangondiuza, akusangalala.

Pempho langa ndi limodzi, Akka. Mukakhalepo tsiku limenelo. Amma sangakanire mlongo wawo, mukudziwa momwe amanjenjemerera malume akangokhosomola, ndipo Appa adzangoyang'ana pansi n'kunena kuti zili kwa akazi. Inu ndi alamu mukanene kuti tsiku lisasankhidwe ine ndisanafike. Mupeze chifukwa chilichonse, munene kuti nyumba sinapakidwe laimu, munene kuti mawondo a Amma sangathe kuima pophika. Musanene kuti ndakana, chifukwa sindinakane. Ndikufuna ndibwere pa Deepavali, ndikhale pansi ndi Amma, ndiwauze ndi pakamwa panga, kenako ndimuuze Kathir pamaso pa bambo ake zimene ndingalole ndi zimene sindingalole. Akazimva, ukwati uchitike mwezi wa Thai monga tinapangana. Akapanda kuzimva, ndiye mudzandithandize kunyamula manyaziwo, chifukwa ndikudziwa kuti mudzi wonse udzandinena, ndipo nyumba ya malume idzatitsekera chitseko.

Ndikudziwa kuti ndikukusenzetsani katundu wolemera. Mukandiyankha musatumize uthenga pafoni. Imbani nthawi ya nkhomaliro pa foni ya Vasuki, nambala yake ndalemba kuseri kwa pepalali. Wavomera, ndipo sanandifunse chifukwa chake. Zimenezonso zandiwawa, kuti munthu ndinamunyoza pagulu ndi amene ndikumubwereka foni.

Mundiperekere moni kwa Amma ndi Appa, muwagwire mapazi m'malo mwanga. Moni kwa alamu, muwauze kuti malaya awo ndasoka ndekha ndipo akapanda kuwakwana vuto ndi mimba yawo. Mumupsompsone mwana wanu Kayal, diresi lake lachikasu ndibwera nalo. Moni kwa azakhali Sornam, ndi kwa malume Periyasami ndi akazi awo, muwapatse moni wanga mwaulemu wonse ngati palibe chimene mwamva.

Mukadutsa kuseri kwa sukulu muwaonenso a Rakkamma. Amadandaula kuti mwana wawo sanapeze mwamuna wooneka bwino. Muwauze kuti Vasuki ali bwino, wanenepa, ndipo amagona tulo. Musawauze kuti ndanena ndine.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,

Poongodi